Mame Osauma: Moyo wa Azungu Okhalitsa ku Japan

Mzungu amene wakhala ku Japan zaka 20 kapena 30 savutikanso ndi zimene zimasokoneza mlendo wa masabata awiri. Timitengo todyera anatizolowera kalekale, nsapato amavula pakhomo popanda womuuza, ndipo sitima za pansi pa mzinda wa Tokyo amazidziwa ngati njira ya kumunda. Zomulemera ndi zina: chilolezo chokhalira m'dziko chimene chimatha nthawi, mwini nyumba amene sakufuna wakunja, kalata ya ku ofesi ya msonkho imene sangaiwerenge yonse, ana amene akukula ndi chinenero chimene iye amachilankhula movutikira, ndiponso makolo amene akukalamba kutsidya kwa nyanja. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, pofuna kunena kuti asamalidwe bwino poti sachedwa kupita. Mlendo wotere dziko la Japan limadziwa kumusamala kuposa mayiko ambiri. Zovuta zimayamba dzuwa likakwera koma mamewo osauma.

Si za lero zimenezi. Mngelezi woyamba kufika m'dzikomo, William Adams, anakocheza ku gombe la Kyushu mu 1600 pa sitima ya Adatchi yotchedwa Liefde. Tokugawa Ieyasu, amene posakhalitsa anadzakhala wolamulira dziko lonse, anamukonda namupatsa malo ndi antchito ku Miura. Koma kwa zaka zambiri sanamulole kubwerera ku England kumene anasiya mkazi, ndipo pamene chilolezo chinkabwera n'kuti Adams atakwatira kale ndi kubereka ana ku Japan. Anamwalira ku Hirado mu 1620 osakaonanso kwawo. Pambuyo pake dziko linadzitsekera, ndipo kuyambira mu 1641 azungu ololedwa anali amalonda Achidatchi okha, amene ankasungidwa pa kachilumba kochita kumanga ka Dejima ku Nagasaki kwa zaka zoposa 200.

Pofika kumapeto kwa 2024, anthu akunja okhala ku Japan anali oposa 3.7 miliyoni, ndiye kuti pafupifupi anthu atatu pa 100 alionse. Ochuluka ndi a ku China, Vietnam, Korea, Philippines, Nepal ndi Brazil. A ku Ulaya ndi ku America, amene muno akungotchedwa azungu ngakhale si onse oyera khungu, ndi ochepa: a ku America ndi opitirira 60,000, osawerengera asilikali, ndipo a ku Britain ndi pafupifupi 20,000. Mavuto awo sangafanane ndi a mnyamata wa ku Vietnam wobwera pa ndondomeko ya ophunzira ntchito imene inayamba mu 1993, amene nthawi zambiri amafika ali ndi ngongole kwa ejenti ndipo saloledwa kusintha bwana mmene wafunira. Mzungu ali ndi pasipoti yolemekezeka komanso kwawo kothawira. Komabe amene wamanga banja, kugula nyumba ndi kukhoma msonkho kwa theka la moyo wake m'dziko lina samuuza kuti angonyamuka, ndipo ndi pa munthu wotereyu pamene malire a kulandiridwa amaonekera bwino.

Choyamba ndi mapepala. Chilolezo chogwirira ntchito chimaperekedwa cha chaka chimodzi, zaka zitatu kapena zisanu, ndipo amene amasankha kutalika kwake ndi a imigireshoni, osati wopempha. Munthu akhoza kulandira cha chaka chimodzi kangapo motsatizana popanda kuuzidwa chifukwa. A ku Tokyo ambiri amaidziwa basi yochoka pa siteshoni ya Shinagawa kupita ku ofesi ya imigireshoni kufupi ndi doko, kumene munthu amatenga nambala m'mawa n'kukatuluka masana. Akasamuka nyumba kapena kusintha ntchito ayenera kukanena pasanathe masiku 14. Amene chilolezo chake chinachokera pa ukwati amadziwa kuti banja likatha, kapena mnzake akamwalira, maziko a kukhala kwake agwedezeka. Chilolezo chokhazikika, chimene amachitcha eijuken, kawirikawiri chimafuna zaka 10 zotsatizana, ngakhale okwatira nzika ndi akatswiri a ntchito zina amachipeza msanga. Nachonso si unzika. Mu 2014 khoti lalikulu linagamula kuti wokhala ndi chilolezochi alibe ufulu wa m'malamulo wolandira thandizo la boma la osauka, ngakhale makhonsolo amaperekabe mwa chifundo, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza zoti chikhoza kulandidwa kwa wozemba dala msonkho.

Khadi losonyeza chilolezochi liyenera kukhala m'thumba nthawi zonse, ngakhale popita pa golosale yapafupi, ndipo wopezeka alibe akhoza kulipitsidwa chindapusa chofika ma yen 200,000. Apolisi ali ndi mphamvu yoimitsa munthu pa msewu n'kumufunsa mafunso. Mu Disembala 2021 ofesi ya kazembe wa America ku Tokyo inachenjeza nzika zake kuti yalandira madandaulo a anthu oimitsidwa chifukwa cha maonekedwe, ndipo mu Januwale 2024 amuna atatu obadwira kunja anasumira boma pa nkhani yomweyo. Anthu a khungu lakuda ndiwo amadandaula kwambiri. Kudinda zala polembetsa anthu akunja kunathetsedwa mu 2000 patapita zaka za kulimbana, kotsogozedwa makamaka ndi anthu a mtundu wa ku Korea obadwira ku Japan, koma mu 2007 kunabwereranso pa mabwalo a ndege. Kholo lokhala ndi chilolezo chokhazikika limadinda zala pobwera ku tchuthi pamene ana ake, amene ndi nzika, akungodutsa.

Chimene chinatsegula maso a ambiri ndi mliri wa Covid-19. Kuyambira mu Epulo 2020 boma linaletsa anthu akunja kulowa m'dziko, ndipo chiletsocho chinakhudzanso okhazikika amene anali atatuluka. Nzika inkaloledwa kubwerera kwawo. Wakunja wa nyumba, ntchito ndi ana ku Osaka kapena Nagoya ankatsalira kunja. Ena anaopa kupita kukadwazika makolo kapena kukaika maliro poganizira kuti mwina sadzaloledwa kulowanso. Lamuloli linafewetsedwa pa 1 Seputembala chaka chomwecho, koma amene linawagwera anaona poyera kuti zaka 25 za msonkho sizinawachotse pa mndandanda wa alendo.

Nkhani ya nyumba ndi imene pafupifupi aliyense ali nayo yakeyake. Kulowa m'nyumba ya lendi ku Tokyo kumafuna chikole, malipiro a ejenti, lendi ya mwezi woyamba, inshulansi, komanso ndalama yotchedwa reikin, yothokozera mwini nyumba, imene imakhala ya mwezi umodzi kapena iwiri ndipo sibwezedwa. Zonse pamodzi zimafika lendi ya miyezi inayi kapena isanu munthu asanalowetse ndi mphasa yomwe. M'nyumba zambiri pamakhalanso ndalama ina yolipira pakatha zaka ziwiri zilizonse pokonzanso mgwirizano. Pamafunikanso munthu womuimira, woti adzalipire ngati wolowayo athawa lendi. Kwa mwana wa m'dzikomo ameneyu amakhala bambo ake kapena mchimwene wake. Wakunja amapempha abwana ake kapena kulipira kampani yochita ntchito imeneyi. Ndalama zonsezi zikhoza kukhalapo koma nyumba osapezeka. Ejenti amaimbira mwini nyumba foni wofunayo ali pomwepo, kunena kuti kasitomala ndi wakunja, kenako n'kuika foni pansi ndi kupepesa. Pa kafukufuku amene Unduna wa Zachilungamo unatulutsa mu 2017, pafupifupi anthu anayi pa 10 alionse akunja amene anafunapo nyumba ananena kuti anakanidwapo chifukwa chakuti ndi akunja. Eni nyumba amati amaopa phokoso, kusamvana chinenero ndi kuthawa lendi. N'chifukwa chake ambiri amathamangira nyumba za bungwe la boma la UR, kumene safuna reikin kapena womuimira.

Wokanidwa alibe pogwira kwenikweni. Dziko la Japan linalowa m'pangano la United Nations lothetsa tsankho la mtundu mu 1995, koma lilibe lamulo limodzi loletsa tsankho pa nyumba, pa ntchito ndi m'malo a malonda. Mlandu wodziwika ndi wa malo osambira a ku Otaru, pa chilumba cha Hokkaido, amene anaika chikwangwani choletsa akunja. Mmodzi mwa odandaula, Debito Arudou, anabadwira ku America ndipo anali atatenga kale unzika wa Japan, koma anabwezedwabe pakhomo. Mu 2002 khoti la ku Sapporo linalamula eni malowo kulipira aliyense mwa odandaula atatu ma yen 1 miliyoni. Zikwangwani zotere n'zosowa masiku ano. Kukana kwa pa foni ndiko sikunathe.

Akapeza nyumba, mayeso otsatira ndi zinyalala. Khonsolo iliyonse ili ndi malamulo ake: zopsa tsiku lakuti, zosapsa tsiku lakuti, mabotolo apulasitiki atachotsedwa chivindikiro ndi kutsukidwa, zitini pazokha, makatoni omangidwa ndi chingwe, ndipo chinthu chachikulu monga mpando chimafuna kuitanitsa otola ndi kugula sitika. Thumba losakanizidwa limasiyidwa pomwepo litamatidwa chenjezo, ndipo pa mdadada pamene pali wakunja mmodzi aliyense amadziwa amene ayambe kumukayikira, kaya walakwa kaya ayi. Madera ambiri ali ndi bungwe la anansi limene limatolera kangachepe, kuyendetsa uthenga khomo ndi khomo, ndi kukonza masiku osesa. Akunja ena amaliona ngati chintchito chosafunika. Amalakwitsa, chifukwa m'mabungwe amenewa, m'makomiti a makolo a pa sukulu ndi pa zikondwerero za kachisi wa m'dera ndi mmene munthu amayamba kudziwika ndi dzina lake m'malo mwa mawu akuti gaijin, amene amatanthauza munthu wakunja.

Chinenero ndicho muzu wa zovuta zambiri, ndipo vuto lalikulu lili pa kuwerenga, osati pa kulankhula. Chijapanizi chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo nthawi imodzi. Iwiri, hiragana ndi katakana, ili ndi zilembo 46 uliwonse ndipo munthu amaiphunzira m'masabata ochepa. Wachitatu, kanji, unachokera ku China, ndipo mndandanda wa boma wa zilembo zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku uli ndi 2,136, zambiri mwa izo zowerengedwa m'njira ziwiri kapena kuposa. Sukulu yophunzitsa akazembe a America imaika Chijapanizi m'gulu la zinenero zovuta kwambiri kwa wolankhula Chingelezi, zofuna maola pafupifupi 2,200 a m'kalasi. Zotsatira zake n'zakuti alipo anthu ophunzira, a madigiri awiri, amene amacheza bwinobwino m'bala koma sangawerenge kalata yochokera ku sukulu ya mwana wawo. Mkazi kapena mwamuna wa m'dzikomo amasanduka womasulira wa zonse: za ku banki, za ku chipatala, za ku khonsolo. Banja lotere limatopa, mmodzi chifukwa chosenza zonse, winayo chifukwa chokhala ngati mwana m'nyumba yakeyake. Mafoni omasulira athandiza ndithu, koma sangatsutsane ndi kalaliki kapena kumva chimene bwana akutanthauza akanena kuti nkhaniyo ndi yovuta pang'ono, pamene kwenikweni wakana.

Amene analimbikira mpaka kudziwa bwino chinenerocho amakumana ndi china. Akangopereka moni amayamikiridwa kuti nihongo jozu, kutanthauza kuti Chijapanizi chake n'chabwino, mawu omwewo amene amauzidwa mlendo wodziwa mawu atatu. Amafunsidwa ngati amatha kudya ndi timitengo, ndiponso kuti adzabwerera liti kwawo. Wofunsayo alibe mangawa, ndipo kawirikawiri akufuna kusonyeza ulemu. Koma munthu akamva funso limeneli kwa zaka 30 amazindikira malo amene anthu anamuika m'maganizo awo.

Ngakhale dzina lenilenilo limavuta. Pa pasipoti lili m'zilembo za Chingelezi, ku banki lili mu katakana, ndipo mafomu ambiri alibe malo a dzina lapakati, poti eni dziko sakhala nalo. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kukhoza kulepheretsa kutsegula akaunti pa intaneti kapena kugwirizanitsa khadi la ngongole ndi banki. M'malo mosayina, anthu amadinda ndi chidindo cha dzina chotchedwa hanko. Boma linachepetsa kwambiri ntchito yake m'maofesi kuyambira mu 2020, koma pogula nyumba kapena galimoto chidindo cholembetsedwa ku khonsolo chimafunikabe.

Pa ntchito, khomo limene azungu ambiri analowera ndi uphunzitsi wa Chingelezi, kaya kudzera m'ndondomeko ya boma ya JET, imene inayamba mu 1987 ndipo imalola munthu kukhala zaka zosapitirira zisanu, kaya m'sukulu za makampani zophunzitsa kulankhula. Ndi ntchito yabwino kwa wa zaka 23, yoopsa kwa wa zaka 50. Malipiro a pafupifupi ma yen 250,000 pa mwezi akhala osasuntha kwa nthawi yaitali, makontirakiti ndi a chaka chimodzi, ndipo kukwezedwa n'kosowa. Kampani ina ya sukulu zoterezi, Nova, itagwa mu Okutobala 2007, aphunzitsi akunja zikwi zingapo anatsala opanda malipiro, ena opanda pogona chifukwa nyumba zinali za kampani. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2013 linapatsa wogwira ntchito ya kontirakiti kwa zaka zoposa zisanu ufulu wopempha ntchito yokhazikika, koma mabwana ena anayamba kuthetsa makontirakiti zakazo zisanakwane. Amene analowa m'makampani enieni a ku Japan amapeza misonkhano yaitali, kuweruka mochedwa, ndi chizolowezi chomuona wakunja ngati katswiri wa Chingelezi basi, osati woyenera udindo. Kugwa kwa ndalama kwawonjezera ululu. Mu 2011 dola imodzi inkagulidwa ndi ma yen pafupifupi 76. Mu Julayi 2024 inapitirira 160. Malipiro omwe aja a 250,000, amene anali madola oposa 3,200, anatsika kufika pafupifupi 1,550. Kwa wobweza ngongole ya ku yunivesite ku America, kapena wogula matikiti a ndege a banja la anthu anayi, zinthu zasintha kotheratu.

Za umoyo ndi mbali imene okhalitsa ambiri amaiyamikira. Aliyense wokhala miyezi yoposa itatu amalowa m'inshulansi ya boma kapena ya ku ntchito, wodwala amalipira 30 peresenti ya mtengo, ndipo pali malire a ndalama zimene angalipire pa mwezi. A ku America ena amanena poyera kuti ichi chokha n'chimene chimawaletsa kubwerera kwawo. Chovuta ndi kufotokoza ululu m'chinenero cha eni, ndiponso mankhwala: ena ozolowereka ku America, monga Adderall, ndi oletsedwa kulowa nawo. Uphungu wa matenda a maganizo m'Chingelezi ndi wosowa kunja kwa mizinda ikuluikulu, ndipo bungwe la TELL, limene linayamba mu 1973, lakhala likuyankha mafoni a anthu osweka mtima kwa zaka zoposa 50.

Pa nkhani ya banja, owerenga Chichewa ali ndi chitsanzo chapafupi. Mkamwini amamanga nyumba m'mudzi wa mkazi wake, amalima, amabereka ana, amapatsidwa ulemu, koma pa nkhani za mbumba mawu omaliza ndi a malume. Mzungu wokwatira ku Japan amakhala chimodzimodzi pamaso pa lamulo. Mabanja amalembedwa m'kaundula wotchedwa koseki, amene ndi wa nzika zokha. Wakunja sakhala ndi kaundula wake. Dzina lake limangotchulidwa m'kaundula wa mkazi kapena mwamuna wake, ndipo ana amalembedwa kwa kholo la m'dzikomo. Banja likakhala pa mtendere zimenezi sizimveka kulemera. Likatha ndi pamene zimaluma. Kwa zaka zambiri lamulo linkapereka ulamuliro wonse wa mwana kwa kholo limodzi lokha, ndipo makhoti ankakonda kusiya mwana kwa amene ali naye kale m'manja. Makolo ambiri, a m'dzikomo ndi akunja omwe, anatha zaka osaona ana awo. Dziko la Japan linalowa m'pangano la ku Hague lokhudza ana otengedwa kudutsa malire mu 2014, nyumba ya malamulo ya European Union inadandaulabe za nkhaniyi mu 2020, ndipo mu 2021, pa nthawi ya masewera a Olympics, bambo wina wa ku France ananyanyala chakudya kwa masabata atatu pafupi ndi bwalo lalikulu la masewera ku Tokyo pofuna kuona ana ake. Mu 2024 lamulo linasinthidwa kuti makolo osiyana athe kulera ana mogawana.

Ana obadwa m'mabanja amenewa amatchedwa hafu, kuchokera ku mawu a Chingelezi otanthauza theka. Makolo amasankha pakati pa sukulu za boma, zimene ndi zabwino ndiponso zotsika mtengo koma zimene mwana amatulukamo Chingelezi chake chili chofooka, ndi sukulu za akunja monga American School in Japan, imene inayamba mu 1902, kumene fizi ya chaka imaposa ma yen 2 miliyoni. Wolipiriridwa ndi kampani yaikulu angakwanitse. Mphunzitsi wa Chingelezi sangayerekeze. Kholo lakunja limene silinalimbikire kulankhula chinenero chake pa nyumba limadzaona mwana wake akulephera kucheza ndi agogo ake pa foni. Ndipo poti lamulo sililola unzika wa mayiko awiri kwa wamkulu, mwanayo amayembekezeka kudzasankha mbali imodzi, monga anachitira katswiri wa tenesi Naomi Osaka mu 2019.

Kusungulumwa kumabwera pang'onopang'ono. Anzake a zaka zoyamba amapita mmodzimmodzi kontirakiti ikatha kapena mwana akafika pa msinkhu wa sukulu, mpaka munthu amatopa ndi kutsanzikana n'kuleka kupanga mabwenzi atsopano. Ubwenzi wa eni dziko nthawi zambiri umamangidwa ku sukulu kapena m'chaka cholowera ntchito, ndipo kuchezerana m'nyumba si chizolowezi. Khirisimasi ndi tsiku la ntchito. Pa Chaka Chatsopano ndi pa nyengo ya Obon mu Ogasiti, pamene anthu amapita ku midzi ya makolo kukayendera manda, wakunja wosakwatira amatsala mumzinda wa zii. Chivomerezi cha pa 11 Malichi 2011 ndi ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima zinaonetsa kukokedwa mbali ziwiri kumeneku. Achibale kwawo ankalira pa foni kuti abwerere, maofesi a akazembe ena analangiza anthu awo kuchoka ku Tokyo, ndipo amene anachoka anapatsidwa dzina lonyoza lakuti flyjin. Amene anabwereranso anapeza anzawo a ku ntchito akuwayang'ana mwina.

Kwawo nako sikumusiya munthu mwamtendere. Dziko la America limafuna nzika zake zipereke malipoti a msonkho chaka chilichonse kulikonse kumene zili, kuphatikizapo kuulula maakaunti a kunja akapitirira madola 10,000, ndipo chiyambire lamulo la FATCA la mu 2010 makampani ena a zachuma amazengereza kulandira makasitomala a ku America. Kumbali inayo, wakunja akakhala ku Japan zaka zoposa zisanu amayamba kukhomeredwa msonkho pa ndalama zimene amapeza kulikonse pa dziko lapansi. Wa ku Britain ali ndi lake: penshoni ya boma la kwawo imakwera chaka ndi chaka kwa okhala ku Britain, ku Ulaya ndi m'mayiko ochepa a pangano monga America ndi Philippines, koma kwa wokhala ku Japan imaima pa mlingo umene anayambira kulandira. Lamulo lomweli limagwiranso amene anagwira ntchito ku Britain n'kukapumira ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa. Penshoni ya ku Japan imafuna zaka 10 za kusonkha, kuchoka pa 25 zimene zinkafunika chisanafike chaka cha 2017, koma wosonkha zaka zochepa amalandiranso zochepa, ndipo ambiri amakalamba ali ndi tizidutswa ta penshoni m'mayiko awiri.

Chopweteka kuposa ndalama ndi makolo. Tokyo ili patsogolo pa London ndi maola 8 kapena 9, choncho foni ya uthenga woipa imalira pakati pa usiku. Chiyambire nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, ndege zambiri zimalambalala Russia ndipo ulendo wa ku London umatenga maola pafupifupi 14. Abale otsala kwawo ndiwo amasenza ntchito yodwazika, ndipo mawu akuti iwe uli kutali sachedwa kutuluka. Wobwerera patapita zaka zambiri amapeza kuti kwawo kunasintha: mabanki samudziwa, olemba ntchito sawerengera zimene anachita ku Japan, ndipo iye mwini amadabwa ndi phokoso ndi kuchedwa kwa sitima.

Njira yotsala ndi kutenga unzika, zimene zimafuna kutaya pasipoti ya kwawo. Ndi njira yokhayo yopezera voti, poti wakunja savota ngakhale pa chisankho cha khonsolo. Mu Disembala 2021 khonsolo ya Musashino, ku Tokyo, inakana ganizo lolola akunja kuvota nawo pa mareferendamu a mumzindawo. Ochepa anaitsata njirayi. Lafcadio Hearn anakhala Koizumi Yakumo mu 1896. Marutei Tsurunen, wobadwira ku Finland, analowa m'nyumba ya malamulo mu 2002. Donald Keene, katswiri wa ku America wa zolemba za Chijapanizi, anatenga unzika mu 2012 ali ndi zaka 89, pofuna kuima pamodzi ndi anthu a m'dzikomo pambuyo pa chivomerezi chija, ndipo anamwalira ku Tokyo mu 2019. Ambiri amazengereza poopa kudzakhala alendo pa maliro a makolo awo.

M'badwo umene unabwera m'zaka za m'ma 1980, chuma cha Japan chili pa chimake, tsopano ukulowa mu ukalamba. Inshulansi yosamalira okalamba, imene inayamba mu 2000 ndipo aliyense amasonkha kuyambira zaka 40, imawakhudza mofanana ndi nzika. Koma nyumba zosungira okalamba zimayenda m'Chijapanizi, pa chakudya, nyimbo ndi macheza, ndipo matenda oiwalaiwala nthawi zina amayamba kufufuta chinenero chimene munthu anaphunzira atakula n'kumusiyira chobadwa nacho. Nkhalamba yotere imatha kuitana m'Chingelezi kapena m'Chifalansa pakati pa osamalira amene sakumva.

Pa imfa, mitembo yoposa 99 pa 100 iliyonse imatenthedwa, ndipo achibale amatola mafupa ndi timitengo n'kuika mu mtsuko umene umakasungidwa m'manda a banja, kawirikawiri pa kachisi wa Chibuda. Wokwatira m'dzikomo akhoza kulowa m'manda a apongozi ake ngati banjalo lavomera. Kutumiza mtembo kwawo pa ndege n'kodula ndipo kumafuna mapepala a ku ofesi ya kazembe, kotero mabanja ena amagawa phulusa, lina kutsala, lina kupita. Pa phiri la Yamate ku Yokohama pali manda a akunja amene anayamba mu 1854 ndi maliro a msilikali wa pa sitima za nkhondo za ku America zotsogoleredwa ndi Matthew Perry. Muli anthu zikwi zingapo a mayiko oposa 40: amalonda, amishonale, aphunzitsi ndi mainjiniya amene anamanga njanji yoyamba ya dzikolo. Ambiri mwa mandawo alibenso achibale owayendera, ndipo bungwe lowasamalira limadalira zopereka za anthu odzaona malo kuti lilambule udzu ndi kukonza miyala yogwa.